Labu ya Kuseri kwa Nyumba

Anthu a pa Chinakanaka amandidziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndimakonza mawailesi ndi mafoni pa kashopu kanga koyandikana ndi amayi ogulitsa nanazi. Chachiwiri, ndine mkamwini amene mkazi wake kulibe. Chachiwirichi ndiye chimawakomera. Munthu amanyamula wailesi yoti yangotha mabatire, cholinga adzandifunse kuti, "A Austin, amayi abwera liti?" Ndimamuyankha kuti abwera, kenako ndimamuonetsa pamene mabatire ake avundira.

Mkazi wanga ndi Ireen. Tinakwatirana zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, iye akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi pa Boma. Monga mwa mwambo wa kuno, ndinachoka kwathu ku Muloza n'kudzamanga nyumba pa malo a amayi ake, a Alefa. Njerwa ndinaumba ndekha. Patatha zaka zitatu Ireen anapeza mwayi wa sukulu ku Jeremani, ndipo amene anamuumiriza kulemba kalata yopempha malowo ndine ndemwe. Walira mvula walira matope. Anati akakhalako zaka zitatu. Chino n'chaka chachinayi, ndipo anangobwerako kamodzi, milungu itatu yokha.

Ndimamusowa, sindibisa. Ndimasowa kapu ya tiyi imene ankaisiya theka pa zenera tsiku lililonse, ine n'kumadandaula za nyerere. Ndimasowa mmene ankachongera makope pakhonde, akukangana mokweza ndi ana asukulu oti ali kwawo. Nyumba imene ndinamanga ndi ya zipinda zitatu, koma masiku ano ndimangozungulira m'chipinda chimodzi.

Pa ulendo umene anabwera uja anandipatsa kabokosi kapulasitiki. M'kati munali kachidutswa kakuda konyezimira, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Kanali kosweka pakona, n'chifukwa chake anamulola kukatenga.

"Aka n'kachibale ka tija mumazula m'mawailesi," anatero Ireen. "Timati semikondakita, monga tiransisita. Koma aka anathiramo chitsulo china pang'ono, ndiye kakazizira kwambiri kamasanduka maginito."

"Ndiye unapitira ku Ulaya kukaziziritsa tizidutswa?"

"Ndimatiwomba ndi leza, amisiri."

Anandifotokozera tili pakhonde. Leza ndi makina otulutsa kuwala kowongoka ngati ulusi. Yawoyo siyaka mosalekeza, imangothwanima, ndipo kuthwanimako n'kwakufupi moti kukanakhala sekondi imodzi, kuphethira kwa diso kukanatenga zaka zikwi makumi atatu. Kuwalako kukamenya kachidutswa, mphamvu ya maginito imagwa nthawi yomweyo, kenako imabwerera pang'onopang'ono. Ntchito ya Ireen ndi kuyeza mmene imagwera ndi mmene imabwererera. Akuti akadzazidziwa bwino, makompyuta adzatha kusunga zinthu mothandizidwa ndi kuwala, mwachangu kuposa lero.

Zambiri zinandidutsa pamutu, koma mmisiri amamva zofunika pa ntchito. Ndinamva zinthu zitatu: tebulo lisamagwedezeke, m'chipinda mukhale mdima, ndipo kachidutswa kazizire. Ndinazilemba kuseri kwa kalendala iye atabwerera.

Mu Januwale chaka chino kunabwera a Pilato, malume ake a Ireen. Ndiwo mwinimbumba pamudzi pano. Anagwira ukapitawo m'minda ya tiyi zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amayankhula ngati akuwerenga mayina a anthu ochedwa ku ntchito.

"Akamwini, sikuti tikukuthamangitsani ayi," anayamba choncho. Munthu akayamba choncho dziwani kuti akukuthamangitsani. "Koma mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi. Mkazi kulibe, mwana palibe. Nde anthu akutifunsa kuti amene uja akulondera chani? Mng'ono wake wa Ireen, Marjory, akukwatiwa mu Okutobala, malo omanga atha. Ireen anene tsiku lobwera nandolo asanaume m'munda. Akapanda kunena, mukapumeko kaye kwanu."

Pakamwa panga panali mawu okhudza njerwa zija, koma mkamwini asamakule mwendo. Ndinawomba m'manja n'kuwathokoza chifukwa chobwera. Atachoka ndinakankha ndowa ndi phazi, ndipo chala chinatupa sabata yathunthu.

Ireen sindinamuuze. Sindinafune kuti mkazi wanga abwere chifukwa chondimvera chisoni ngati galu wosiyidwa pa chingwe. Ndinaganiza mwa umisiri. Wailesi ikamakana kulira umafufuza chimene chikusowa, n'kuikamo. Chimene chikumusunga Ireen ku Jeremani si Ajeremani, ndi ntchito yake. Ntchitoyo ikapeza pokhala kuno, adzatchula tsiku yekha. Zofunika zake zinali kuseri kwa kalendala, ndipo zinali zitatu zokha.

Ndinawonjezera kachipinda kuseri kwa nyumba, koti kakhale labu yake, moyeseramo zinthu za sayansi. Tebulo ndinaliumba ndi simenti, miyendo yake yolowa pansi mpaka m'mawondo. Litauma ndinaikapo tambula ya madzi n'kumadumpha pambali pake, ndipo madziwo sanagwedezeke. Zenera ndinalitseka ndi nsalu yakuda yopinda kawiri. Firiji yakale ndinakaipeza ku msika wa Limbuli, ndinaikonza ndekha mpaka inayamba kuumitsa madzi gwa. Komweko ndinagula kaleza kofiira kokhala pa mphete ya makiyi, kwa munthu wina wochokera ku Mozambiki amene anandilumbirira kuti kuwala kwake kumafika pa phiri.

Pamudzi panabuka mphekesera. Ena ankati ndikutsegula bala, ena ankati nsalu yakuda ndi firiji ndi zizimba. A Pilato anaima patali, manja kumbuyo.

"Mukumanganso, akamwini? Munthu wa paulendo?"

"Ndi labu ya Ireen," ndinatero.

"Labu," anabwereza, ngati akulawa ndiwo zopanda mchere.

Amene sananene kanthu ndi apongozi anga, a Alefa. Koma iwo ndi ine sitinkayankhulana kale. Si udani ayi, ndi ulemu wake umenewo. Pa zaka zisanu ndi ziwiri sitinakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana pa njira amapatuka, moni timapatsana cha patali, maso kumbali, ndipo m'nyumba mwanga anali asanalowemo. Koma Lamulungu lililonse masana, nthawi imene Ireen amaimba, apongozi ankapeza ntchito pafupi ndi zenera langa. Lero akusankha nyemba, sabata yamawa akusenda chinangwa. Kafoni kawo kamabatani sikalandira mafoni a pa intaneti. Ine ndinkadziwa chimene ankadzera, ndiye foni yanga ndinkailumikiza ku sipika n'kukweza mawu. Sanandithokozepo ndipo sindinawauzepo.

Labu itatha ndinayesa ndekha, kuti mwini wake asadzapeze zinthu zosagwira. Ndinagoneka kachidutswa kaja m'malo oumitsa madzi m'firiji. M'mawa ndinakatulutsa ndi kopanira mawaya, ndinapachika singano pa ulusi pafupi nako, kuti ndione ngati kakoke. Sikanakoke. Ndinakawomba ndi kaleza, chala changa chikudina ndi kusiya mofulumira mmene ndikanathera, mpaka chinachita dzanzi. Singano inangoti zii. Ndinayesa masiku khumi ndi awiri. Ndinati vuto ndi magetsi amene amazimazima, firiji siikufika pake. Ndinaganizanso zokwera nako ku phiri la Chambe mu Julaye, kumene udzu umadzuka utayera ndi chisanu, koma ndinati zotsalazo adzamaliza mwini wake, ndiye anaphunzira.

Ogasiti anafika, makoko a nandolo anayamba kufiira. A Pilato anasiya kundifunsa, ankangodutsa pafupi ndi munda n'kuthyola khoko limodzi, kuligwedeza pa khutu ine ndikuona.

Lamulungu lachiwiri la mweziwo ndinavala shati ya buluu imene Ireen amaikonda. Sipika ndinaisamutsira m'labu. Apongozi nawo anasamuka ndi lichero lawo, ndinamva akukoka kampando kuseri kwa nsalu yakuda ija. Foni italira ndinayatsa vidiyo.

"Mwavala bwino lero," anatero Ireen. "Kuli ukwati?"

"Ndikufuna ndikuonetse chinthu. Usayankhule mpaka ndimalize."

Ndinayendetsa foni pang'onopang'ono. Ndinamuonetsa tebulo, ndinadumpha pambali pa tambula ya madzi kuti aone yekha. Ndinamuonetsa nsalu, firiji, singano pa ulusi, kachidutswa kake kali pa kansalu koyera. Pomaliza ndinayatsa kaleza, kadontho kofiira kanakhala pa kachidutswa.

"Tebulo losagwedezeka, mdima, kuzizira," ndinatero. "Unanena wekha. Pakali pano sikakukoka singano, koma vuto ndi magetsi. Ndiika sola. Ukabwera uzigwira ntchito yako konkuno, tiyi ndizikubweretsera pakhomo."

Ireen anayamba kuseka. Ndinaseka naye, chifukwa kuseka kwake ndinali nditakusowa. Kenako anagwira pakamwa, ndipo kusekako kunasanduka china.

"Austin, mwamanga nokha zimenezi?"

"Nanga akanamanga a Pilato?"

"Firijiyo imazizira kufika pati?"

"Madzi amauma gwa. Ukhoza kuswa nawo mtedza."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kachidutswako timakaziziritsa kupitirira madigiri mazana awiri pansi pa pamene madzi amaumira. Firiji ya m'nyumba singayandikeko n'komwe."

"Nanga pa Chambe mu Julaye?"

"Pa Chambe mu Julaye kwa kameneko ndi pa ng'anjo."

Anati dikirani, natembenuza foni yake. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sanali kunyumba, anali ku ntchito, Lamulungu. Ndinaona tebulo lachitsulo lalitali ngati minibasi, lodzaza ndi timagalasi tambirimbiri toimikidwa m'mizere. Anati tebulolo limakhala pa mpweya, kuti ngakhale galimoto ikadutsa panja lisamve. Leza yake inali bokosi lalikulu kuposa firiji yanga. Pambali panali thanki yasiliva yaitali kuposa iye, yosungira madzi ozizira amene anati amachita kubwera pa lole.

"Ndipo ngakhale kuno sikakoka singano," anatero motsitsa mawu. "Maginito ake ndi ochepa kwambiri. Timawaona ndi kuwala kwina kumene timatumiza pambuyo pa koyamba kaja. Ndinakufotokozerani mwachidule tsiku lija, ndimafuna musatope nane."

Ndinayang'ana kachidutswa kali pa tebulo langa la simenti. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkanyamula mchenga, anthu akunditcha mfiti.

"Ndiye kuno kwathu kameneka n'chiyani?"

"Kumeneko n'kagalasi chabe, Austin."

Panja lichero linasiya kulira. Ndinafunsa funso limene ndinkalizemba chaka chonse.

"Ubwera liti, Ireen?"

Anakhala pa mpando. "Andipempha kuti ndikhale zaka zina zitatu. Zimene tapeza n'zatsopano, sindingazisiye pakati. Ndinavomera mu Meyi. Lamulungu lililonse ndimati ndikuuzani lero, ndiye ndimasowa poyambira."

"Mu Meyi ine ndinali kufolera labu yako."

"Sindimadziwa. Bwerani kuno inu, tikhoza kuyesa za mapepala."

"Ndidzakonze chiyani? Unandiuza wekha kuti kumeneko wailesi ikafa amataya."

"Austin."

"Nandolo wauma, Ireen."

Sanamve chimene ndimatanthauza, ndiye ndinamuuza zonse: za a Pilato, za Marjory, za Okutobala. Ndinamuuza mokalipa, ndipo sindinasankhe mawu. Analira poyera, pakati pa timagalasi take.

"Bwanji simunandiuze?"

"Iwe unandiuza za Meyi?"

Ndinadula foni. Nthawi yomweyo ndinafuna kuimbanso, koma mtima wanga ndi wa bambo anga, ukakwera sutsika msanga. Ndinakhala pa mpando umene ndinamukhomera, ndikumva firiji ikung'ung'udza. Ndinkamukonda mkaziyo monga tsiku loyamba, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Patapita kanthawi ndinatenga katoni n'kuyamba kulongedza zida zanga. Mkamwini akamachoka sanyamula njerwa. Ndinaika mita yoyezera magetsi, mawaya, zowotcherera. Ndinali kumasula sipika pamene ndinamva mawu pakhomo.

"Odi."

Ndinaganiza kuti ndi Marjory. Nditatembenuka ndinapeza ndi apongozi, lichero lili m'manja, ataima pa chitseko cha labu. Ndinadzuka mofulumira mpaka ndinagunda bondo pa tebulo la simenti lija, ndipo ndikutsimikizireni kuti silinagwedezeke. Ndinayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse. Iwo anavula masilipasi, analowa, nakhala pa mpando wa Ireen. Ine ndinasowa pokhala, ndinanyonyomala pafupi ndi firiji.

"Akamwini, katoniyo ndi ya chani?"

Aka kanali koyamba kundifunsa funso popanda kutuma munthu.

"Mwamva nokha, amayi. Sabwera. A Pilato ananena."

"Pilato ndi mlongo wanga, amayang'anira mbumba. Koma dothi ili anandisiyira mayi anga ndine. Marjory amange kumunsi kwa mapeyala, malo alipo, angoopa kuzula zitsa." Anaika lichero pansi. "Tandionetsani kanthu kamene kakumusunga mwana wangako."

Ndinawapatsira kachidutswa kaja ndi manja awiri, kali pa kansalu. Anakayandikitsa kumaso, anakatembenuza ndi chala.

"Kameneka basi?"

"Kameneko basi."

"Ali wamng'ono anachotsa maginito mu wailesi yakufa ya bambo ake," anatero. "Ndikamutuma kumadzi ankapita nawo. Ankawakoka pa mchenga, n'kubwera dzuwa litapendeka, ndowa theka, maginito atamera ndevu za mchenga wakuda. Ndinkamukalipira. Ndinawabisa kudenga, anawapeza. Sanasiye." Anapumira m'mwamba. "Ine ndinkati akakwatiwa asiya. Nde anakwatiwa ndi munthu womumangira nyumba ya maginito."

Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena akundiyamikira, ndipo mpaka lero sindidziwa.

"Zaka zitatu n'zambiri, amayi. Anthu azinena."

"Akunena kale, mwafa? Ine ndili ndi zaka sikisite-foro, zitatuzo zikundiopsa kuposa inu." Anatsokomola pang'ono. "Mukapita ku Muloza, Lamulungu ndizikakhala pa windo la ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinkaganiza kuti pamudzi pano wodikira ndine ndekha, pamene munthu wakhala akusankha nyemba zosankhasankha kale kuseri kwa zenera langa zaka zinayi.

"Tulutsani zinthuzo m'katonimo," anatero. "Firijiyi muziikamo thobwa, isamangolira pachabe. Nsalu yakudayi muchotse, anthu asiye kutinena. Tebulo lisiyeni, adzaikapo makope ake tsiku limene adzabwere. Sipikayo lumikizani. Muimbireni, ndimuone nkhope, ndatopa kumumvera pa khoma."

Ndinalumikiza sipika. Foni itayamba kuitana ndinakweza maso, ndipo koyamba pa zaka zisanu ndi ziwiri ndinawayang'ana apongozi anga kumaso. Ali ndi chipumi cha Ireen. Kachidutswa kaja anali atakachotsa pa kansalu, atakafumbata m'dzanja n'kukagunditsa pa chifuwa. Ndinafuna kuwauza kuti kameneko kamafuna kuzizira, koma ndinawasiya, tonse awiri tikudikira kuti Ireen ayankhe.